Funsani Aphunzitsi: Kodi "socioeconomic status" ndi dzina lina la umphawi?

FUNSO

Aphunzitsi, ine ndikuphunzira unamwino, ndili chaka choyamba. M'mabuku athu muli mawu amene akungobwerabwera pafupifupi m'mutu uliwonse, akuti socioeconomic status, ena amangofupikitsa kuti SES. Pa matenda a shuga alipo, pa uchembere alipo, pa kunyentchera kwa ana aliponso. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi anandiuza kuti ndisavutike, ndi njira yaulemu chabe yonenera kuti munthu ndi wosauka kapena wolemera. Pa mayeso ndinalemba zomwezo ndipo anandidula malikisi. Ndinalakwitsa pati? Nanga wodwala atandifunsa, m'Chichewa ndinganene kuti chiyani?

Wophunzira unamwino

YANKHO

Mwana wanga, mnzakoyo anangonena mbali imodzi. Ndalama zilimo ndithu m'mawu amenewa, koma sizili zokha. Ukawaphwanya upeza zigawo zitatu: socio akunena za anthu ndi mmene amakhalira pamodzi, economic akunena za chuma, ndipo status ndi pamene munthu waima ukamuyerekeza ndi anzake. Choncho mawuwa amafunsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: munthuyu ali ndi chiyani, nanga anthu amamuika pati?

M'chilankhulo chathu mawu oyandikira kwambiri ndi kapezedwe. Timati uje ndi wopeza bwino, uje amapeza movutikira. Koma kapezedwe kamasuzumira m'thumba mokha. Sikanena kuti munthu sukulu anafika nayo pati, sikanena ngati kuntchito ndi wolamula kapena wolamulidwa, sikanenanso ngati akatsegula pakamwa pagulu anthu amakhala chete kumumvetsera. Ine m'kalasi ndinkati "kapezedwe ndi malo a munthu pakati pa anthu." Ndi mawu aatali, koma sasiya kanthu kunja.

Ofufuza akafuna kuyeza zimenezi kawirikawiri amafunsa za maphunziro, ntchito ndi ndalama zimene munthu amapeza. Usaganize kuti akubwereza funso limodzi katatu. Maphunziro, munthu akakula, sasinthasintha. Ukadwala ntchito itha kutha, ndalama zitha kuuma, koma zaka zimene unakhala m'kalasi palibe angakulande. Kwa iwe namwino mfundo imeneyi ndi yaikulu. Ukapeza kuti odwala ambiri m'wodi mwako ndi opanda ndalama, funso limabwera: adwala chifukwa chosauka, kapena asauka chifukwa chodwala? Zonse ziwiri zimachitika. Ukayeza ndi maphunziro funsoli limapepuka, poti munthu amamaliza kapena kusiya sukulu matenda ambiri a anthu akuluakulu asanamupeze. Ntchito nayo imanena zake: fumbi limene munthu amapuma, katundu amene amasenza, ngati angagone kunyumba masiku atatu akudwala osadulidwa malipiro, komanso ulemu umene dzina la ntchitoyo limabweretsa. Ndalama ndiye funso lovutitsitsa kufunsa. Ena amachepetsa, ena amakokomeza, ndipo amene amapeza mwa nyengo alibe nambala ya pa mwezi yoti akupatse. Onjezapo ichi: malipiro ndi chuma n'zosiyana. Anthu awiri akhoza kulandira mofanana, wina akukhala m'nyumba imene makolo anamusiyira, wina akulipira lendi, ali ndi ngongole, ndipo akuphunzitsa abale ake anayi.

Kuphatikiza chuma ndi ulemu m'muyeso umodzi sikunayambe dzulo. Karl Marx, katswiri wa za chuma ndi ndale, ankagawa anthu potengera kuti ndani ali ndi fakitale kapena malo, ndani amangogulitsa mphamvu zake. Max Weber wa ku Germany, amene anamwalira mu 1920, anaona kuti zimenezo n'zosakwanira, chifukwa ulemu umene anthu amapatsana suyenda ndi chuma nthawi zonse. Ku England, T.H.C. Stevenson anagwiritsa ntchito kalembera wa mu 1911 kugawa anthu m'magulu potengera ntchito zawo, ndipo cholinga chake chinali cha m'gawo lako lomwelo la zaumoyo: ankafuna kudziwa kuti makanda akufa kwambiri m'mabanja ati. Mu 1961 Otis Dudley Duncan wa ku America anapanga muyeso wopatsa ntchito iliyonse nambala potengera maphunziro ndi malipiro a anthu oigwira.

Koma nkhani imene ndikufuna uisunge ndi ya Whitehall, chifukwa ndi imene ikuonetse pamene mnzako uja anaphonya. Whitehall ndi msewu wa mu London mmene muli maofesi akuluakulu a boma la Britain. Mu 1967 madokotala anayamba kutsatira umoyo wa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma. Taganizira bwino za anthu amenewa. Onse anali pa ntchito yokhazikika, onse ankalandira malipiro, ndipo chipatala chinali chaulere kwa aliyense, poti dzikolo linakhazikitsa chithandizo chaulere mu 1948. Panalibe wogona ndi njala. Koma patatha zaka 10 zinapezeka kuti pakati pa amesenjala ndi olondera pakhomo imfa zinali zochuluka pafupifupi katatu poyerekeza ndi pakati pa mabwana a pamwamba penipeni. Chodabwitsa kwambiri chinali cha anthu a pakati. Makalaliki ankafa kuposa akatswiri amene anali pamwamba pawo, akatswiriwonso ankafa kuposa mabwana awo. Ukatsika giredi imodzi, imfa zikuwonjezeka; ukatsikanso ina, zikuwonjezekanso.

Ena anathamangira kunena kuti ndi fodya. N'zoona kuti a m'munsi ankasuta kwambiri. Koma atachotsera fodya, kuthamanga kwa magazi ndi mafuta a m'magazi, kusiyana kwakukulu kunatsalabe. Michael Marmot, amene anasanthula ziwerengerozi, anayambitsa kafukufuku wachiwiri mu 1985, ulendo uno ndi amayi omwe, anthu oposa 10,000. Chimodzi mwa zimene zinatuluka n'chakuti munthu wopanda mphamvu pa ntchito yake, amene sasankha chochita ngakhale nthawi yochitira, amadwala mtima kuposa mnzake amene mphamvuzo ali nazo. Marmot yemweyo anadzatsogolera komiti ya bungwe la World Health Organization, ndipo lipoti lake la mu 2008 linapereka chitsanzo cha ku Glasgow ku Scotland: mwana wamwamuna wobadwira ku Calton ankayembekezeka kukhala zaka 54, pamene wobadwira ku Lenzie, makilomita ochepa chabe kuchoka pamenepo, zaka 82.

Waona tsono? Mawuwa akanakhala kuti amangotanthauza wosauka ndi wolemera, anthu a ku Whitehall onse akanagwera m'gulu limodzi la osasauka, ndipo palibe chikanaoneka. Muyeso wa umphawi umadula anthu pawiri. Mwachitsanzo, World Bank imati munthu ali pa umphawi wadzaoneni ngati akukhalira ndalama zochepera madola 3 a ku America pa tsiku (inakweza muyesowu mu 2025 kuchoka pa madola 2.15). Uli m'munsi mwa mzerewo kapena uli pamwamba, basi. SES imandandalika anthu onse kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndipo aliyense ali ndi malo ake pa mndandandawo, mphunzitsi wako ndi dokotala wamkulu wa chipatala omwe.

Ukamalembanso mayeso, chita zinthu ziwiri. Nena kuti SES yayezedwa ndi chiyani, chifukwa "SES yotsika" m'buku lina ndi kusaphunzira, m'buku lina ndi malipiro ochepa, ndipo zotsatira zake sizifanana nthawi zonse. Kenako onetsa njira imene imadzera. SES payokha siilowa m'thupi la munthu ngati kachilombo. Imadzera m'chakudya chosakwanira, m'nyumba yothithikana, m'kuchedwa kupita kuchipatala chifukwa cha mtunda kapena ndalama yoyendera, m'kulephera kuwerenga malangizo a pa botolo la mankhwala, m'mantha oti ukamufunsa dokotala kachiwiri akukalipira. Chomalizachi ndi cha iwe. Wodwala amene amadziona wotsika safunsa mafunso, amangogwedeza mutu. Iweyo ndiwe woyenera kumufunsa kuti abwereze zimene wamva.

FUNSO

Aphunzitsi, mwana wanga wabwera ndi fomu kuchokera kusukulu. Akufunsa kuti ine ndi mayi ake sukulu tinalekeza pati, timagwira ntchito yanji, nyumba yathu ndi yofolera ndi chiyani, tili ndi magetsi kapena ayi, ngakhale kuti m'nyumba muli mabuku angati. Ine ndine mmisiri wa matabwa, sukulu sindinapite nayo patali. Fomuyi yandikhumudwitsa. Denga la nyumba yanga likukhudzana bwanji ndi masamu a mwana wanga? Kodi sakufuna kungotisankha kuti awa ndi apansi?

Bambo wa ana atatu

YANKHO

Bambo, kukhumudwa kwanu ndikukumvetsa. Ndili mtsikana ndinagwirapo ntchito yoyenda khomo ndi khomo ndi mafunso otere, ndipo ndinkaona nkhope za anthu zikusintha ndikafika pa funso la chimbudzi ndi la pansi pa nyumba. Munthu wakulandira bwino, wakupatsa pokhala, kenako iwe ukumuwerengera katundu wake. Sizikoma, kwa wofunsidwa ngakhale kwa wofunsa.

Komabe mafunsowa ali ndi pochokera. Mu 1966 ku America kunatuluka lipoti la James Coleman ndi anzake, atafufuza ana a sukulu oposa 600,000. Ambiri ankayembekezera kuti kusiyana kwa makhozedwe a ana kupezeka m'nyumba zophunziriramo, m'malaibulale ndi m'ndalama zimene sukulu imalandira. Zinapezeka kuti mabanja amene anawo akuchokera ankafotokoza kusiyanako kuposa zipangizo za sukulu. Kuyambira pamenepo ofufuza za maphunziro sayerekeza masukulu awiri asanafunse kuti ana ake akuchokera m'makomo otani. Mayeso a PISA, amene OECD, bungwe la mgwirizano wa maiko pa zachuma, lakhala likupereka kwa ana a zaka 15 m'maiko ambiri kuyambira mu 2000, amafunsa ndendende zimene zili pa fomu yanuyo: maphunziro a makolo, ntchito zawo, ndi zinthu za m'nyumba, mabuku omwe.

Za denga ndi magetsi zinabwera chifukwa cha vuto limene inu mukulidziwa bwino kuposa ine. Wina atakufunsani kuti mumapeza zingati pa mwezi, mungayankhe chiyani? Mwezi wina oda ya zitseko yagwa, mwezi wina mwangokonza mipando iwiri. Anthu ambiri pa dziko lapansi amapeza motero. Mu 2001 akatswiri awiri a zachuma, Deon Filmer ndi Lant Pritchett, anaonetsa ndi ziwerengero za ku India kuti ukhoza kudziwa kapezedwe ka banja osafunsa ndalama, pongoyang'ana zinthu zooneka ndi maso: denga, pansi pa nyumba, madzi akumwa, chimbudzi, wailesi, njinga, firiji. Zinthu zimenezi sizisintha mwezi ndi mwezi, ndipo munthu sachita kuzikumbukira movutikira. Mabanja amandandalikidwa n'kugawidwa m'magulu asanu ofanana kukula, gulu lililonse mabanja 20 pa 100 alionse. Dziwaninso kuti magulu amenewa amayerekeza anthu a m'dziko limodzi lomwelo. Banja la m'gulu lapamwamba m'dziko losauka likhoza kukhala lopanda galimoto, lopanda ndalama ku banki. Langoposa anzake basi.

Ndiye denga lanu silidziwa masamu, bambo, koma likaphatikizidwa ndi madenga a mabanja ena masauzande limaonetsa kumene ana akuwerengera mumdima, kumene akusiya sukulu msanga, kumene thandizo liyenera kupita. Sukulu imene ana ake ambiri akuchokera m'makomo ovutika ikakhozetsa pang'ono, mwina yagwira ntchito yaikulu kuposa sukulu ya ana opeza bwino imene yakhozetsa onse. Popanda mafunso amenewa palibe angadziwe zimenezo.

Koma mantha anu si opanda pake, ndipo apa ndiye pamene mawu aja akuti SES, amene fomu yanuyo ikuyeza, amagwiritsidwa ntchito molakwika. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo, mnzanga wina ananena za mwana amene ankavutika kuwerenga kuti, "Ameneyo musataye naye nthawi, mukudziwa kumene akuchokera." Mpaka lero mawu amenewo amandipweteka. Muyeso umenewu unapangidwira kufotokoza magulu a anthu. Ukati ana a m'makomo ovutika amakhoza mochepa, ukunena za chiwerengero cha onse pamodzi. Sunanene kanthu za mwana uyu amene wakhala patsogolo pako. PISA yomweyo, mu 2018, inapeza kuti pafupifupi mwana m'modzi pa ana 10 alionse ochokera m'makomo ovutika anali m'gulu la okhoza kwambiri kuwerenga m'dziko lawo. Mphunzitsi alibe njira yodziwira kuti m'modziyo ndi uti, kupatula kuwaphunzitsa onse ndi mtima wonse.

Langizo langa ndi lakuti fomuyo mudzaze, ndipo mulembe zoona. Mukakometsera, mwana akhoza kuphonya thandizo limene linali lake. Koma musanaipereke pitani kwa aphunzitsi akulu mukafunse kuti akufuna mayankhowa ndani, akawagwiritsa ntchito yanji, ndipo dzina la mwana likhalapo kapena lichotsedwa. Ndi ufulu wanu kudziwa zimenezi. Pa funso la ntchito lembani "mmisiri wa matabwa" momveka bwino, musalembe kuti "ndimangogwiragwira." M'magulu a ntchito amene ofufuza amagwiritsa, umisiri uli ndi malo akeake, pamwamba pa ntchito zosafuna luso.

FUNSO

Aphunzitsi, ine sukulu ndinasiyira panjira, koma bizinesi yanga ikuyenda. Ndamanga nyumba, ndalemba anthu ntchito, ana anga onse ali pa sukulu zabwino. Msuweni wanga ali ndi digiri koma ntchito alibe, nthawi zina ndimamuthandiza ndine. Koma abale tikakumana kuti tikambe nkhani, amayamba kumva iye, ine amandikumbukira ikafika nkhani ya zopereka. Pa muyeso wa anthu ophunzirawo, wapamwamba ndani pakati pa ife awiri?

Mayi wa bizinesi

YANKHO

Mayi, funso lanu lilibe yankho limodzi, ndipo si chifukwa choti ndikuzemba. Mukayezedwa ndi ndalama ndi katundu, inu muli pamwamba kutalitali. Mukayezedwa ndi maphunziro, msuweni wanu wakuposani. Pa ntchito, inu ndinu wolemba anthu ntchito, iye ali pa ulova. Ofufuza akaphatikiza zitatuzi kukhala nambala imodzi, mwina nonse mungagwere cha pakati, ndipo nambalayo ingabise zonse zimene mwandifotokozerazi. Ichi ndi chofooka chenicheni cha muyesowu. Umagwira bwino chifukwa kwa anthu ambiri maphunziro, ntchito ndi ndalama zimayendera limodzi; zikapatukana, monga zachitikira kwa inu awiri, umasokonekera. Gerhard Lenski, wofufuza wa ku America, analemba za kupatukana kumeneku mu 1954. Munthu wotere amafuna kuti anthu amuone ndi mbali imene ali pamwamba, pamene anzake amasankha mbali imene ali pansi. Kuwawa kumene mukumva pa misonkhano ya abale kukuchokera pamenepo.

Pierre Bourdieu wa ku France anafotokoza kuti chuma chili m'mitundu ingapo. Pali cha ndalama ndi katundu. Pali cha maphunziro, kalankhulidwe ndi mapepala a sukulu. Palinso cha anthu amene umawadziwa, amene angakutsegulire chitseko. Inu muli ndi choyambacho, ndipo poti bizinesi siyenda popanda anthu, ndikukhulupirira kuti chachitatucho muli nachonso. Msuweni wanu ali ndi chachiwiri. Abale anu akamayamba kumva iye akulemekeza pepala, ndipo ine monga mphunzitsi sindinyoza pepala. Koma ndikunena mosabisa kuti akulakwitsa. Munthu amene wayendetsa bizinesi mpaka kulipira anthu mwezi ndi mwezi amadziwa kuwerengera, kudikira ndi kuweruza anthu, ndipo nkhani zambiri za pabanja zimafuna nzeru zimenezo. Ikadzafikanso nkhani ya zopereka, nenani mwaulemu kuti mukufuna kumva dongosolo lonse ndi kuikapo maganizo anu musanatulutse kanthu.

Palinso muyeso wina umene ungakusangalatseni. Nancy Adler ndi anzake ku America anajambula makwerero a masitepe 10, pamwamba anthu a ndalama zambiri, maphunziro ambiri ndi ntchito zolemekezeka, pansi osowa zonsezo, n'kumauza munthu kuti aloze yekha pamene akuona kuti waima. Zinapezeka kuti pamene munthu wadziika yekha pamagwirizana ndi umoyo wake, ngakhale utachotsera malipiro ndi maphunziro ake enieni. N'chifukwa chake sindikufuna kuti muzichoka pa misonkhano imeneyo mukudziona wochepa.

Bourdieu ananenanso kuti mtundu umodzi wa chuma umasandulika wina, ndipo inu mukuchita kale zimenezo: ndalama za bizinesi mukuzisandutsa maphunziro a ana anu. Kwa iwo zinthu zitatu zija zikhoza kudzayendera limodzi. Msuweni wanu naye digiri yake siinathe ntchito. Ikhoza kudzasanduka malipiro chaka chamawa kapena china. SES imayezedwa pa nthawi imene wofunsa wafika pakhomo, ndipo atabweranso patatha zaka 10 akhoza kukupezani nonse awiri mutasuntha.